Mawu aatali pa Scrabble amayambira pa zimene mwasunga

Madzulo a Juni kuno ku Dedza chisanu chikalowa, achinyamata ambiri amasonkhana m'nyumba kusewera Scrabble, masewera opanga mawu a Chingerezi pabolodi ndi timatabwa ta zilembo. Ndakhala ndikuwaonerera, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi: mnzathu uja ali ndi mwayi, zilembo zabwino zimangopita kwa iye. Inetu ndikukana. Mwayi ulipo ndithu, koma wambiri umachita kukonzedwa.

Thumba la masewerawa lili ndi zilembo 100, ndipo wosewera amagwira 7 nthawi iliyonse. Mukaponya zonse 7 kamodzi mumapatsidwa mapointi 50 owonjezera pamwamba pa mtengo wa mawuwo. Kawirikawiri masewera amapindukira pamenepo.

Mlimi wa kachewere ku Bembeke sagulitsa yonse akakumba, amapatula ya mbewu. Chitani chimodzimodzi. Tsiku lina ndinaona mtsikana wa fomu 3 atagwira J, O, B, E, R, S, T. Anaponya JOBS mokondwa, poti S inamuwonjezera pointi imodzi. Koma S zilipo 4 zokha m'thumba lonse! Akanaponya JOB n'kutsala ndi E, R, S, T, zilembo zimene zimagwirizana ndi pafupifupi chilichonse chimene angatole. Musanaponye, yambani mwayang'ana zimene zikutsalira m'manja mwanu.

Zosunga ndi A, E, I, N, R, S, T, ndiponso timatabwa tiwiri topanda chilembo tija, timene timaimira chilembo chilichonse. Musamatimwaze pa mawu a mapointi 15. Zolemera ngati Q, V, W ndi J zichotseni msanga, ndipo mawu aafupi ngati QI ndi ZA akuthandizani ngati dikishonale imene mwagwirizana ikuwalola. Onetsetsaninso kuti mavawelo ndi makonsonanti akulingana. Mukakhala ndi ma I atatu ndi ma U awiri, musaumirire. Lamulo limalola kusinthitsa zilembo ngati m'thumba mwatsala zosachepera 7. Mutaya ulendo umodzi, koma kukakamira zilembo zoipa kukudyerani maulendo atatu.

Kenako lowezani mizu, magulu a zilembo 6 amene amapanga mawu a zilembo 7 mukawonjezerapo chimodzi. Tengani RETINA: mukatola G mupeza GRANITE kapena TEARING, mukatola C mupeza CERTAIN, D ikupatsani TRAINED, S ikupatsani RETAINS ndi NASTIER. Lembani mizu yotereyi kuseri kwa kope, muziibwereza podikira minibasi. Pa kathabwa koikapo zilembo zanu, kankhirani ING, ED kapena ERS kudzanja lamanja, RE kapena UN kumanzere, ndipo zotsalazo muzizisuntha ndi zala. Maso amaona msanga zimene zala zasuntha kusiyana ndi kungoganiza mumtima.

Mawu aatali amafunanso pokhala. Ngati pabolodi pali TRAIN, S ya RETAINS ikhoza kukolekedwa kumapeto kwake, mudye mawu awiri nthawi imodzi. Mukakhala kumbuyo, siyani malo otere otsegula. Mukatsogola, atsekeni, ndipo samalani ndi timabokosi tofiira 8 ta m'mphepete tochulukitsa mawu katatu, musamatsegulire mnzanu.

Ena amati poti Chingerezi si chathu, sitingapite patali. Mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Perth, Australia, woyamba wa mu Africa kutero. Aphunzitsi oyang'anira makalabu, sabata ino apatseni ana muzu wa SATIRE, auyese ndi chilembo chilichonse kuyambira A mpaka Z, Lachisanu abwere ndi zimene apeza.