Kapezedwe ka volume ya silinda, kuyambira pa poto mpaka pa thanki

Makolo, achimwene ndi achemwali amene mumakhala ndi ana pa homuweki madzulo, funso la silinda lija musamalithawe ayi. Mwana akangofika makalasi akumapeto ku pulayimale kapena Fomu 1 ndi 2 amakumana nalo basi, ndipo ambiri amangoloweza fomula ngati nyimbo ya pa asembule, V = πr²h, koma ukawafunsa kuti r yo ili pati pa dramu lomwe lili pakhomo pawopo amangokuyang'ana. Ndiye tiyeni tiyambire pa dramupo osati pa fomula.

Silinda ndi chinthu chilichonse chomwe pansi ndi pamwamba pake ndi pozungulira mofanana ndipo mbali zake zaima chilili, sizikupita zichepa kapena zikula. Dramu lotchera madzi a mvula, chitini, poto, paipi, chitsime chokumba mozungulira, nkhokwe ya agogo, zonsezi ndi masilinda. Ndowa ayi, paja kukamwa kwake ndi kwakukulu kuposa pansi, chigubu nachonso ayi. Volume ndi malo onse a mkatimo, kunena kuti mungalowe madzi kapena chimanga chochuluka bwanji.

Nkhani yonse yagona apa, ndipo mwana akamvetsa ichi fomula aipanga yekha. Tengani ndalama zachitsulo zofanana muzisanjikize, imodzi pamwamba pa inzake. Mwapanga silinda. Ndalama iliyonse ili ndi area yake, kunena kukula kwa malo a pankhope pake, ndiye mukamasanjikiza mukungobwereza area yomweyo kukwera m'mwamba. Choncho volume ndi area ya pansi kuchulukitsa ndi kutalika, basi. Area ya chozungulira ndi π × r × r, kutalika ndi h, ndi pomwe pachokera πr²h paja.

Tiyese ndi poto. Ikani rula pakamwa pa poto kudutsa pakati penipeni, tinene kuti mwapeza 28 cm. Imeneyo ndi diameter, ndipo fomula sikufuna diameter, ikufuna radius, r ija, yomwe ndi theka lake, ndiye 14 cm. Imikani rula mkati mwapeza kuya ndi 15 cm. Pa π tiika 22/7. Tsopano:

Area ya pansi = 22/7 × 14 × 14 = 616 cm²
Volume = 616 × 15 = 9,240 cm³

Musalimbane ndi kuchulukitsa manambala onse kaye kenako nkugawa, ndi ntchito yaulere imeneyo. 7 alowa mu 14 kawiri, ndiye zatsala 22 × 2 × 14, ndi 616 yo, opanda ndi kakyuleta yomwe. Ndipo poti 1,000 cm³ ndi lita imodzi, poto wathuyu akulowa malita 9.24, tingoti 9 ndi pang'ono.

Apa ndiimepo nthawi chifukwa malikisi ambiri amathera pomwepa, osati pa kuchulukitsa. Funso limapereka diameter mwadala, mwana wachangu amangoitola nkuiponya pa r. Onani zomwe zimachitika, 22/7 × 28 × 28 × 15 ikupereka 36,960 cm³, pafupifupi malita 37, poto wophikira ndiwo kulowa madzi kuposa ndowa ya malita 20 eti? Yankho lakula kanayi, osati kawiri, chifukwa radius imachulukitsidwa kawiri mu fomulamo. Wina amaona ka 2 kali pamwamba pa r kaja nkuganiza kuti akuti 14 × 2, apeza 28 mmalo mwa 196, yankho lake lituluka 1,320 cm³, lita imodzi ndi pang'ono, poto yense uja. Ine ndimati mwana azolowere kulemba r × r mmalo mwa r² mpaka dzanja lizolowere, ndipo asanayambe chilichonse alembe mzere woyamba kuti d = 28, r = 14. Ndi mzere umodzi wokha koma umapulumutsa funso lonse. Akamaliza adzifunse ngati yankholo likugwirizana ndi chinthu chomwe akuchidziwa ndi maso.

Za π mwachidule. Ndi nambala yomwe umapeza ukagawa kuzungulira kwa chinthu ndi diameter yake, imakhala 3.14 ndi zina zosatha kumbuyoko, kaya ndi kapu kaya ndi thanki ya pa esiteti ya tiyi. 22/7 si π yeniyeni koma yayandikira kwambiri, Archimedes wa ku Syracuse anaonetsa kale zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti π ndi yocheperako pang'ono pa 22/7. Funso likakuuza yoti ugwiritse ntchito tsatira yomweyo. Likapanda kunena, yang'ana radius, ngati ndi 7, 14, 21, 28, 3.5 kapena 0.7 tenga 22/7, ngati ndi monga 10 tenga 3.14. Mwachitsanzo r = 10 cm, h = 20 cm, ndi 3.14 × 100 × 20 = 6,280 cm³, yatha.

Tsopano dramu. Kuno ku Mulanje mvula sitiisowa, phiri limaikoka, ndiye makomo ambiri ali ndi dramu pansi pa malata, mutumeni mwana akayeze lomwelo. Ngati rula ndi yaifupi tengani chingwe, muzungulize pa thupi la dramu pomwe palibe mizere yotukuka ija, kenako muyeze chingwecho. Tinene chakwana 176 cm. Gawani ndi 22/7, kutanthauza 176 × 7 ÷ 22, mupeza diameter 56 cm, radius 28 cm. Kutalika tinene 85 cm. Area ya pansi ndi 22 × 4 × 28 = 2,464 cm², kuchulukitsa ndi 85 ikubwera 209,440 cm³, malita 209. Wina afunsa kuti nanga si paja timati la malita 200? Eya, madramu amenewa amakhala ndi kampata kapamwamba kopitirira 200, komanso chingwe chayeza kunja kwa chitsulo osati mkati. Pa dramu kusiyanako ndi kochepa, koma pa thanki ya njerwa kapena ya simenti khoma ndi lonenepa, mukayeza kunja munamizana malita ambirimbiri. Yezani mkati.

Njira ya chingweyi ndi yomwe imagwiranso pa nkhokwe, poti simungadutsitse tepi pakati chimanga chili momo.

Msampha wachiwiri ndi wa mamita ndi masentimita, ndipo umakonda kubisala pa mafunso a paipi. Ife madzi ambiri amachita kutsika okha mmapaipi kuchokera ku phiri ndiye chitsanzochi ana amachiona tsiku ndi tsiku. Paipi yagona pansi, mwana amafunsa kuti kutalika kwake kopita m'mwamba kuli kuti. Ingoimikani m'maganizo, utali wakewo ndiye h. Tinene paipi ndi yotalika mamita 6, diameter ya mkati 7 cm. Radius ndi 3.5 cm, area ndi 22/7 × 3.5 × 3.5 = 38.5 cm². Apa osachulukitsa ndi 6 ayi, area ili mu masentimita ndiye mamita 6 aja asanduke 600 cm kaye. 38.5 × 600 = 23,100 cm³, malita 23.1. Amene wachulukitsa ndi 6 apeza 231, madzi osadzaza ndi kapu yomwe mu paipi yonse ija.

Zinthu zikuluzikulu ndi bwino kungokhala mu mamita kuyambira poyamba, manambala amachepa. Chongokumbukira ndi choti 1 m³ ndi malita 1,000. Chitsime cha diameter 1.4 m, ndiye radius 0.7 m, area 22/7 × 0.7 × 0.7 = 1.54 m². Koma samalani, ngati akufunsa madzi omwe alimo, h si kuya kwa chitsime chonse, ndi pomwe madzi alekezera. Chitsime chitha kukhala mamita 10 koma madzi ali mamita 3 okha, ndiye 1.54 × 3 = 4.62 m³, malita 4,620. Ma point aja ana amawaopa, ndiye muwaonetse kuti 0.7 × 0.7 ndi 0.49 osati 4.9, malo awiri kumbuyo kwa point.

Kanthu kena kothandiza ngakhale kwa inu akuluakulu mukamagula poto pa Chitakale kapena pa Luchenza, kapena mukamakambirana ndi amisiri za thanki. Mukawirikiza kutalika, volume iwirikiza kawiri. Mukawirikiza kukamwa, ikwera kanayi. Ndiye poto wamfupi wotakasuka nthawi zambiri amalowa zambiri kuposa wamtali wowonda ngakhale maso amakana.

Ku sekondale funsoli amalitembenuza, amakupatsa volume nkuti peza kutalika. Palibe fomula yatsopano apa, poti volume ndi area kuchulukitsa ndi kutalika ndiye kutalika ndi volume kugawa ndi area. Tinene komiti ya madzi ya m'mudzi ikufuna thanki yolowa malita 15,400 ndipo malo omwe alipo akulola diameter ya mkati 2.8 m. Sinthani malita kaye, 15,400 ÷ 1,000 = 15.4 m³. Radius ndi 1.4 m, area ndi 22/7 × 1.4 × 1.4 = 6.16 m². Kutalika ndi 15.4 ÷ 6.16 = 2.5 m. Kuti mutsimikize chulukitsani chobwerera, 6.16 × 2.5, ikuyenera kubweza 15.4 yomweyo. Akakupatsani volume ndi kutalika nkufuna radius, gawani volume ndi kutalika mupeze area, gawaninso ndi π, chotsalacho ndi r × r ndiye mupeze square root yake, kunena nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikubweza chotsalacho, osati theka.

Pomaliza pa yankho mwana asaiwale ka 3 kapamwamba, cm³ kapena m³, akalemba cm² ndiye kuti wanena area, ndipo aphunzitsi ena amadula malikisi pa chimenecho. Mpatseni ichi ayese yekha inu musanamuuze kanthu: chitini cha diameter 14 cm, kutalika 20 cm, chikulowa malita angati? Akapeza 3.08 zili bwino. Akapeza 12.32 ndiye kuti watenga diameter ngati radius, abwerere pa mzere woyamba uja.