Ndalama za m'buku si ndalama za m'bokosi

Gulu lina la banki mkhonde limene ndimaliyendera linandiitana pa tsiku logawana masheya, chakumapeto kwa Disembala. Amayi anabwera atatchena, ena atalonjeza kale ana nsapato za Khirisimasi. Mlembi atawerenga ndalama zimene zinali m'buku, nthungululu zinamveka. Koma anthu atatu osunga makiyi atatsekula bokosi, munali kampukutu kamodzi komanga ndi mphira. Panalibe amene anaba. Ndalama zinali kunja monga ngongole, ndipo ambiri anali atagulira feteleza mu Novembala, kudikira kudzabweza akakolola mu Epulo. Anthu anabalalika osatsanzikana, ndipo mtima umandiwawabe ndikakumbukira, chifukwa zinali zopeweka.

Vutoli si la kumudzi kokha. N'chifukwa chake Reserve Bank of Malawi imalamula mabanki kuti gawo lina la ndalama zimene anthu asungitsa asalibwereketse, ndipo ma SACCO, mabungwe amene mamembala amasungitsako ndi kubwerekako ndalama, nawo amayang'aniridwa ndi lamulo la 2011. Inu a banki mkhonde mulibe wokulonderani wotere. Mlonda wanu ndi malamulo amene munagwirizana nokha.

Yambani ndi kalendala. Lozani tsiku logawana, kenako werengani chobwerera m'mbuyo. Ngati ngongole zanu n'za miyezi itatu, yomaliza ituluke kutatsala miyezi itatu yathunthu. Ikadutsa nthawi imeneyo perekani za mwezi umodzi zokha, ndipo mwezi womaliza ukhale wotolera basi, ngakhale wopemphayo akhale wapampando. Gulu limene ambiri ndi alimi ndimalilangiza kugawana mu Okutobala: anthu amakhala atagulitsa soya, mtedza ndi chimanga, ali ndi pobwezera, ndipo zimene alandira zimapita ku mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Mukagawana mu Disembala mumakhala mukulonjerera ngongole kwa munthu amene nkhokwe yake yayamba kale kupepuka.

Chachiwiri, onani kuti ndalama zapita kwa yani. Membala asatenge zoposa katatu masheya ake. Munthu mmodzi akanyamula theka la bokosi, geni yake ikagwa mwagwa nonse. Samalaninso ndi otengera ngongole anthu akunja, kaya mwamuna, mlamu kaya mnzawo wa pamsika. Amene wadya ndalamayo sakhala nanu pamkeka, ndiye manyazi adzawachitira ndani?

Pali mchitidwe wina umene ndimadana nawo kwambiri, wokakamiza membala aliyense kutenga ngongole kuti chiwongoladzanja chichuluke. Mayi wopanda geni akatenga, ndalamayo imathera ndiwo ndi sopo. Tsiku lobweza likafika amathamangira ku gulu lina, akalephera uko n'kugwa m'manja mwa akatapila, mapeto ake malata ndi mbuzi zapita. Phindu lotere limangooneka m'buku, ndipo limagwetsa mabanja a anthu amene gulu linabadwira kuti liwathandize.

Thumba la zadzidzidzi musalikhudze. N'la maliro ndi matenda, ndipo Januwale ndi Febuluwale, njala ndi malungo zikafika pachimake, ndi pamene limafunika.

Sindikunena kuti muunjike ndalama m'bokosi ayi. Zochuluka zimaitana mbava, komanso zimafwifwa zili chigonere; mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zikamachuluka poyandikira kugawana, zisungeni ku akaunti ya gulu ku banki kapena ku SACCO, yofuna osayinira angapo. Ngati mukugwiritsa ntchito Airtel Money kapena Mpamba, wosunga foni asadziwe nambala yachinsinsi yonse, muigawe monga mumagawira makiyi.

Pa msonkhano uliwonse msungichuma awerenge ndalama pamaso pa onse, ndipo mlembi atchule mokweza manambala atatu: zimene zili m'bokosi, zimene zili kunja, ndi zimene tsiku lake lobweza ladutsa. Nambala yachitatuyi ikakwera misonkhano iwiri yotsatizana, imitsani ngongole zatsopano, musankhe anthu awiri akacheze kunyumba kwa wochedwayo sabata yomweyo.