Kupenta duwa la moran m'kalasi ya minhwa

Minhwa ndi zithunzi zimene anthu wamba a ku Korea ankapenta m'nthawi ya ufumu wa Joseon, makamaka m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, n'kumakongoletsera m'nyumba kuti ziitane mwayi. Ku Seoul, Gahoe Museum ya m'dera la Bukchon imaphunzitsa alendo lusoli. Ngati mukuyamba kumene, sankhani moran (peony m'Chingerezi), duwa loimira chuma. Chithunzi cha kambuku chiyambe chadikira, ubweya wake umafuna dzanja lozolowera.

Pepala lake ndi hanji, lopangidwa ndi khungwa la mtengo wa dak. Limamwa madzi kwambiri, ndiye limayamba lapakidwa agyo, guluu wochokera ku zikopa za nyama. M'kalasi yaifupi mupeza atapaka kale. Mukamakonza nokha, sakanizani muyezo umodzi wa agyo wamadzi ndi miyezo pafupifupi 10 ya madzi ofunda, osati owira chifukwa guluu akawira amatha mphamvu. Pakani ndi burashi yaikulu molowera mbali imodzi, liume, mubwerezenso. Guluu akachepa utoto umayenderera kunja kwa mizere, akachuluka pepala limanyezimira n'kumakana utoto.

Kenako yalani hanji pamwamba pa chojambula cha mphunzitsi, mutsate mizere ndi inki yakuda ya meok. Uku si kubera ayi, akale nawonso ankatero.

Utoto woyamba ukhale wopyapyala. Pa duwa ambiri amayamba ndi hobun, utoto woyera wa zigoba za m'nyanja. Samalani, ukakhala wonyowa umaoneka wochepa koma ukauma umayera kwambiri.

Pamene pagona luso lonse ndi pa barim, kusungunula mtundu kuti uzilala pang'onopang'ono. Konzani maburashi awiri, wina wa utoto wofiira, wina wa madzi okhaokha amene mwamupukuta pa kansalu mpaka wangotsala chinyezi. Dontheza lofiira liikeni patsinde pa kachigawo kamodzi ka duwa, ndipo lisanaume likokereni kunsonga ndi burashi ya madzi ija. Mukachedwa pamatsala mzere wouma pakati. Burashi ikanyowa kwambiri madzi amakankhira utoto m'mphepete, pamatsala banga. Musapente zigawo ziwiri zogundana motsatizana. Dumphani chimodzi, mudzabwerere china chikauma. Kufiira kozama kumabwera pobwereza kawiri kapena katatu mopyapyala, pakuti utoto wokhuthala umang'aluka ukauma.

Zonse zikauma, bwerezani mizere ya m'mphepete ndi mitsempha ya masamba ndi burashi yosongoka, poti utoto umakhala utaikwirira.