Momwe mungapitire ndi ana ku Likoma kuchokera ku Lilongwe

Ana ambiri a mu Lilongwe nyanja amaidziwira ku Senga Bay, kupita m'mawa kubwerako madzulo. Tchuthi chino apititseni pachilumba cha Likoma akagone pakati pa madzi. Koma dziwiranitu kuti ulendowu olamula ake ndi mphepo ndi sitima, osati kalendala yanu.

Yambani ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, ndipo nyanja ikakalipa mwana amasanza mpaka kufookeratu. Ine ndimalangiza masiku otsiriza a tchuthi chachikulu, mwera utayamba kugwa.

Kenako funsani tsiku la Ilala musanalipire malo ogona. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, ndipo imaima pa Likoma popita kumpoto komanso pobwerera ku Monkey Bay. Nthawi zina imachedwa ndi maola ambiri, choncho musakonze zofika kunyumba mawa lake sukulu ikutsegulira. Siyani masiku awiri apadera. Ndege zing'onozing'ono zimaterako, koma kwa banja lonse mtengo wake ndi wowawa.

Nyamukani m'bandakucha, mudzere ku Salima, mutenge msewu wa M5 kudutsa Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka Nkhata Bay. Gonani pomwepo, ana akwere sitima atapuma.

Pamene pafunika maso ndi pokwera ndi potsika. Pamakhala piringupiringu, matumba a ufa apa, madengu a usipa apo, aliyense akufuna kutsogola. Wamng'ono muberekeni kumbuyo, wina aliyense akhale ndi wamkulu womugwira dzanja, katundu atsatire pambuyo. Ngati thumba likulola, lipirani kabini, kaya malo a pamwamba. Pansi pamadzadza kwambiri, mwana sangagone. Mukangolowa funsani pamene pali majekete oyandamitsa, osachita manyazi. Juzi isatsale, usiku panyanja pamazizira.

M'chikwama muikemo neti, mankhwala ochepetsa kutentha thupi, thanzi ORS, madzi akumwa ndi ndalama zogwirika. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki ikathawa mumasowa pogwira. Pasipoti ndi yosafunika: Likoma wazunguliridwa ndi madzi a Mozambique koma ndi boma la Malawi.

Mukafika musadzaze tsiku ndi zochita. M'mawa umodzi kaoneni tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903. Ana amangoti kukamwa yasa akamva kuti chinamangidwa agogo awo asanabadwe. Masiku enawo asewere pamchenga, aone mbuna m'miyala, atole malambe, alawe kondowole wa nsomba yawisi yootcha. Posambira funsani eni mudzi, ndiwo amadziwa pakuya ndi pamene pamaoneka ng'ona.

Mukabwerera, mwana akangotentha thupi thamangirani kukayezetsa malungo, ndipo muwauze adokotala kuti anasamba m'nyanja kuti aganizirenso za likodzo.