Kusunga chuma m'manja, m'mutu ndi m'thupi: malangizo kwa anzathu a ku Harare

Munthu amene wakhala mu Harare zaka 20 zapitazi safunika kumufotokozera kuti ndalama ikhoza kutha mphamvu ili chikhalire m'banki. Mu 2008 mitengo ya zinthu inkasintha kangapo pa tsiku limodzi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2009 banki yaikulu ya dziko inali itasindikiza ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni, pamene penshoni za makolo athu, amene anakalambira m'mafakitale a ku Workington ndi ku Southerton, m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini a mabwana, zinali zosagula ngakhale buledi. Mu 2019 ndalama zimene anthu ankaziwerenga ngati madola a ku America m'maakaunti awo zinasinthidwa kukhala ndalama ya m'dziko muno yotchedwa RTGS, ndipo mu Epulo 2024 kunabweranso ina yotchedwa ZiG. Pa nthawi zonsezi mmisiri wodziwa kuwotcherera geti, kusoka yunifolomu kapena kukonza injini ankangosintha mtengo wa ntchito yake, lero kulandira marandi, mawa madola, mkuja ndowa ya chimanga. N'chifukwa chake ndalama yoikidwa pa luso, pa maphunziro ndi pa thanzi ndiyo yovuta kuilanda kwa ife a kuno. Komabe pali dongosolo loyenera kulitsata, pakuti ambiri amayambira pakati n'kutaya ndalama zawo.

Yambani ndi mapepala

Ambiri mwa ife ndife ana kapena adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ena kale chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanayambe mu 1953, ena m'zaka zake mpaka chinatha mu 1963, ndipo vuto la zitupa latsatira mabanja ambiri a ku Mbare, Mufakose, Dzivaresekwa, Tafara, Mabvuku ndi Epworth mpaka lero. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira konkuno anayamba kuwerengedwa ngati alendo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza zimenezi pa gawo 43, limene limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake ngakhale limodzi linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye mwini ankakhala m'dziko muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa.

Choncho ngati chitupa chanu chikadali chosonyeza kuti ndinu mlendo, kapena mwana wanu alibe setifiketi ya kubadwa, ndalama yoyamba imene mwapatula ipite pa ulendo wa ku ofesi ya kalembera, kaya ku Makombe Building kapena ku ofesi ya m'dera lanu. Tengani setifiketi yanu ya kubadwa ndi zitupa za makolo, kapena setifiketi za imfa ngati anatisiya, ndipo khalani okonzeka kubwererako mpaka zitatheka. Popanda chitupa simungalembetse mayeso a luso, simungatsegule akaunti, ndipo laini ya foni imene makasitomala azikutumizirani ndalama pa EcoCash idzakhala m'dzina la munthu wina, amene tsiku lina mudzakangana naye.

Kusankha luso ndi kuliphunzira

Musasankhe luso chifukwa chakuti mnzanu likumuyendera. Yendani mumsewu wa kwanu mukumvetsera zimene anthu akudandaula nazo koma akulipirabe. Magetsi a ZESA akamazimazima, anthu amafuna wowaikira sola, mabatire ndi ma inverter. Madzi a khonsolo akamasowa, pamafunika wokonza mapampu a m'mijigo, woika matanki ndi wolumikiza mapaipi. Magalimoto ambiri a mumzinda muno ndi ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo makaniko wodziwa zamagetsi za galimoto ndi wosowa kuposa wodziwa kusintha mabuleki. Kumene kukumangidwa nyumba zatsopano kumafunika omanga, oika matailosi ndi okhoma madenga. Malonda a kaunjika ku Mupedzanhamo amadyetsa mabanja ambiri, koma popeza aliyense wokhala ndi kampamba kochepa akhoza kuwayamba mawa lomwe, phindu lake limagawanika msanga, pamene ntchito yotenga chaka kuiphunzira ilibe opikisana nawo ochuluka chotero. Musaiwalenso chimene muli nacho kale: munthu wolankhula bwino Chichewa, Chishona ndi Chingerezi ali ndi mwayi pa malonda a njira ya ku Nyamapanda, Tete mpaka ku Blantyre, ndiponso pa ntchito yomasulira, popeza Chichewa chili pakati pa zilankhulo 16 zimene malamulo a 2013 aja amazivomereza.

Kwa ambiri, sukulu yoyamba ndi shedi ya mmisiri wina ku Siyaso ku Magaba, ku Gazaland ku Highfield kapena kwa akalipentala a ku Glen View Area 8. Njira imeneyi ndi yabwino ndiponso yotsika mtengo, koma ili ndi msampha wake. Mnyamata amafika m'mawa, amasesa, amanyamula matabwa, amapala ndi sandipepala mpaka zala kuyera, amatumidwa kukagula misomali ndi guluu, ndipo miyezi isanu ndi umodzi imatha asanagwirepo tepi kuti ayeze yekha chitseko cha kabati. Mmisiri sikuti amachita zimenezi mwa nkhanza nthawi zonse. Nthawi zambiri amangoopa kuonongeredwa thabwa limene wagula ndi ndalama ya kasitomala. Pofuna kupewa zimenezi, gwirizanani poyamba pomwe, pamaso pa mboni monga amalume anu kapena mkulu wa mpingo, kuti mudzaphunzira miyezi ingati, kuti pofika mwezi wakutiwakuti mudzakhala mukudula ndi kulumikiza nokha, ndiponso kuti ndalama ya nkhomaliro ndi ya kombi itulutsa ndani. Gulani tepi yanu, sikweya yanu ndi hamala yanu msanga, ndipo muzigula tizidutswa ta matabwa kapena ta zitsulo toti muziyesererapo ntchito ikatha, kuti kulakwitsa kwanu kusadyere munthu wina ndalama.

Pemphaninso kuti mudziwe kuwerengera mtengo, chifukwa apa ndi pamene amisiri ambiri aluso amagwera. Gulani kope lolimba chikuto, ndipo pa ntchito iliyonse lembani tsiku, dzina la ntchitoyo, zipangizo zimene zalowa ndi mitengo yake, maola amene yatenga, ndi ndalama imene kasitomala walipira. Ijambuleni ndi foni isanayambe ndiponso itatha. Pakatha miyezi ingapo, kopelo lidzakuuzani lokha ntchito zimene zimakupindulitsani ndi zimene mumangotuluka nazo thukuta, ndipo lidzakhala umboni pa sitepe yotsatira.

Luso lopanda pepala

Apa ndi pamene ndikufuna kuti tichedwepo, chifukwa pakati pathu pali anthu ambiri amene akhala akumanga nyumba, kukonza magalimoto kapena kulumikiza magetsi kwa zaka zambiri, koma akafika pa geti la kampani amalembedwa ngati aganyu n'kumalamulidwa ndi mnyamata amene iwo angamuphunzitse. Kusiyana kwawo ndi pepala basi. Boma lili ndi nthambi yoona za maphunziro a m'mafakitale ndi mayeso a luso, pansi pa unduna wa maphunziro apamwamba, imene imayesa amisiri pa mayeso otchedwa trade test. Magiredi ake amayambira pa kalasi 4 n'kumakwera mpaka kalasi 1, imene ndi ya mmisiri wokwanira, ndipo ubwino wake ndi wakuti njirayi inakonzedwera munthu amene anaphunzirira ntchito pa ntchito pomwepo.

Pitani nokha ku ofesi ya nthambiyi mukafunse zofunika pa luso lanu ndi ndalama ya mayeso ya nthawi imeneyo, m'malo momvera za m'kombi, pajatu safunsa anadya phula. Chimene chimavuta ambiri ndi umboni wa zaka zimene agwira ntchito, choncho yambani lero kupempha makalata kwa aliyense amene munamugwirirapo ntchito kwa nthawi yaitali, kalatayo itchule ntchito imene munkachita ndi zaka zake, ndipo ikhale ndi siginecha ndi chidindo ngati chilipo. Musadikire kuti mudzapemphe mutakangana kale ndi abwana, kapena kampani itatsekedwa. Mayesowo amakhala ndi mbali yolemba ndi mbali yochita ndi manja. Mmisiri wakale sachita mantha ndi yachiwiriyo, koma yoyambayo imafuna kuwerenga mapulani, masamu a kuyeza ndi malamulo a chitetezo, ndipo ndi pamenepa pamene ndalama ya maphunziro a madzulo kapena a Loweruka imagwira ntchito yake. Mukalandira setifiketi, ijambuleni ndi kuisunga kunyumba, osati ku shedi. Msika wa ku Glen View wapsa kangapo, ndipo moto susankha pakati pa sofa ndi mapepala.

Achinyamata amene anakhoza maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi, ali ndi njira ina yolowera ngati ma apprentice, ophunzira ntchito akuigwira, m'makampani, imene kawirikawiri imatenga zaka zinayi, ndipo imathandizidwa ndi thumba la ZIMDEF, limene olemba ntchito amasonkhamo 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Amene anaperewera phunziro limodzi kapena awiri asachite manyazi kubwereza, popeza bungwe la mayeso a sukulu la ZIMSEC limalola munthu kulembetsa payekha, ndipo mayeso amalembedwa mu Juni ndi mu Novembala. Kubwereza masamu okha n'kotchipa kuposa kulipira kosi ya miyezi itatu pa koleji ya m'chipinda chapamwamba m'tauni, imene setifiketi yake palibe kampani imene imaidziwa. Musanalipire pa koleji iliyonse, funsani ngati ndi yolembetsedwa ku boma ndiponso ngati mayeso ake ndi a bungwe la boma la mayeso a m'makoleji la HEXCO, amene amalembedwanso ku Harare Polytechnic. Amene ali pa ntchito koma akufuna digiri akhoza kuphunzira ali kunyumba kudzera ku Zimbabwe Open University. Malo owerengera mwabata alipo ku Harare City Library pa Rotten Row, ndipo bandulo imene imathera pa mavidiyo oseketsa ikhoza kutsitsa usiku maphunziro a pa YouTube okhudza ntchito yanu, oti muwaonere mobwereza popanda intaneti.

Ndalama yake ichokera kuti

Funso limeneli ndi loona, ndipo yankho lake ndi masamu ang'onoang'ono. Dola imodzi yopatulidwa pa tsiku lililonse la ntchito, masiku 6 pa sabata kwa masabata 50, ikwana madola 300, ndalama yoti ikhoza kulipira mayeso ndi kugula chida chimodzi chabwino. Vuto lake ndi lakuti ndalama yokhala m'nyumba imamva kuitana kwa maliro, kwa lendi ndi kwa abale a kumudzi. Choncho musaisunge nthawi yaitali. Ngati muli m'chipereganyu, gwirizanani ndi a kunyumba kwanu kuti chigawo chanu chikadzafika chidzapita ku fizi kapena ku makina osokera tsiku lomwelo. Tonse timadziwa kuti sosaite ya maliro sitiiphonya ngakhale mwezi utavuta bwanji, ndipo n'zoyenera kutero. Ndalama ya luso iyenera kupatsidwa ulemu womwewo.

Thupi ndi maganizo

Mmisiri akagona pa mphasa mlungu umodzi, ntchito yonse imaima, chifukwa palibe tchuthi cholipidwa kwa munthu wodzilemba yekha. Ku Siyaso mudzaona wowotcherera zitsulo atavala magalasi a dzuwa ogula pamsika, kapena akungotembenuza nkhope n'kutsinzina moto ukamathwanima, kenako usiku maso amafiira, misozi ili chuchuchu, tulo osabwera. Chigoba chenicheni chotetezera maso chimagulidwa ndi phindu la geti limodzi, ndipo chiyenera kugulidwa foni yatsopano isanagulidwe. Chimodzimodzinso chophimba pamphuno kwa opala matabwa ndi opopera penti, nsapato zolimba kwa omanga, ndi zotseka m'makutu kwa ogwiritsa ntchito girayinda tsiku lonse.

Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga sizichenjeza, choncho kayezetseni ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu ngakhale mukumva bwino, ndipo amene ali pa mankhwala a ma ARV kapena a chifuwa chachikulu asalumphe tsiku lokatenga chifukwa cha oda ya kasitomala. Za madzi sitifunika kukumbutsana kwambiri, popeza kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ya 2018 inakantha kwambiri Glen View ndi Budiriro. Madzi a pa mjigo kapena pa chitsime aziwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala, kuntchito ngati kunyumba komwe.

Maganizo nawonso amadwala, ndipo munthu wosagona chifukwa cha ngongole sangaloweze za mayeso kapena kudula thabwa mowongoka. Ena amathawira ku kachasu, ndipo achinyamata ena ku mutoriro (mankhwala ozunguza bongo otchedwa crystal meth), umene waononga amisiri ambiri a mawa m'makomboni athu. Thandizo lilipo pafupi ndipo ndi laulere. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Mbare ntchito ya Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumvetsera munthu, kenako n'kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi mpaka apeze loti ayambe nalo. Mukapita kukayezetsa magazi, funsani anamwino ngati pa kiliniki yanu pali benchi imeneyi ndi masiku amene agogowo amapezeka, ndipo ngati m'nyumba mwanu kapena pa shedi panu pali mnyamata amene wayamba kudzipatula ndi kusiya kudya, mutengeni mupite naye.