Mita yosayesedwa ikutayitsa alimi mapampu abwinobwino

Chilimwe chino, pomwe ulimi wamthirira uli pachimake, ndaona amisiri akugamula kuti pampu yapsa atangogunditsa multimeter, mita yoyezera magetsi, pa mawaya a mota. Mitayo yakhala ikugubuduzika m'chikwama kwa zaka, batire lafooka, nsonga za zingwe zake zachita dzimbiri, koma zimene yaonetsa zimatengedwa ngati chilungamo chenicheni.

Makoyilo a mota, mawaya a kopa okulungidwa m'kati mwake, amakhala ndi resistance yochepa, ma ohm owerengeka chabe. Resistance ndi mmene waya amakanira kuti magetsi adutse, ndipo imayezedwa mu ma ohm. Zingwe za mita pazokha zimatha kuwonjezerapo 0.2 mpaka 0.5 ohm. Pa koyilo ya 2 ohm, theka la ohm ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye mwalakwitsa kale musanayambe n'komwe. Kutentha nakonso kumasokoneza: resistance ya kopa imakwera pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Mota yongozimitsidwa kumene, imene yatentha ndi madigiri 40 owonjezera, iwerenga pafupifupi 16 peresenti kuposa ikazizira.

Mawu akuti "mita yangayi sinandinamizepo" atopetsa. Mukudziwa bwanji, poti simunaiyerekezepo ndi china chilichonse? Ngakhale m'malabotale akuluakulu, ma resistor a muyezo (tizipangizo ta resistance yodziwika bwino) opangidwa ndi chitsulo chosakaniza chotchedwa manganin amasungidwa pa kutentha kosasinthasintha, ndipo amawayesabe powayerekeza ndi 25 812.807 ohm, nambala yochokera ku zimene wasayansi Klaus von Klitzing anatulukira mu 1980. Nanga mita yogula pamsika ndiyo isayesedwe?

Mlimi wina wa tomato anauzidwa kuti mota yake yapsa. Anagulitsa mbuzi n'kugula pampu ina, uku mbewu zikufota m'dimba podikira madzi. Pampu yakaleyo itayezedwanso ndi mita yabwino, makoyilo onse anali bwinobwino. Vuto linali polumikizira waya pamene panadyeka. Mbuzizo sizinabwerere.

Choncho musanayeze, gunditsani nsonga ziwiri za zingwe za mita, muone nambala imene yatuluka n'kuichotsera pa zimene mupeze, kapena dinani batani la REL, lochotsa nambalayo lokha, ngati mita yanu ili nalo. Dikirani mota izizire. Gulani ma resistor osalakwa kupitirira 0.1 peresenti, a 10 ndi 100 ohm, muziwasunga pouma ndipo muziyesera mita musanapite kumunda. Pansi pa 1 ohm pamafunika kuyeza kwa mawaya anayi, awiri odutsitsa magetsi ndi awiri oyezera, kuti zingwe zisasokoneze. Za satifiketi ya mita kafunseni ku Malawi Bureau of Standards, amene amaona za miyezo m'dziko muno.