Momwe mungamugwirire mphunzitsi wonyenga asanakusocheretseni

Mphunzitsi wonyenga sabwera atadzilemba pachipumi kuti ine ndine wabodza. Amabwera Baibulo lili m'manja, atatchena, pakamwa pali potsekemera, mavesi akutuluka ngati madzi. Yesu ananeneratu pa Mateyu 7:15 kuti oterewa amavala zankhosa koma mkati mwawo ali mimbulu, ndipo Paulo potsanzikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso anawachenjeza kuti ena adzachokera pakati pawo pomwepo (Machitidwe 20:29-30). Ndiye musamayang'ane kutali, nthawi zina munthuyo ndi amene mumakhala naye benchi imodzi.

Choyamba, muzilemba vesi lililonse lomwe watchula, mukafika kunyumba mukawerenge chaputala chonsecho. Izi zimaoneka zachibwana koma ndi pomwe ambiri amagwidwira. Anthu a ku Bereya ankachita zomwezi kwa Paulo weniweniyo, tsiku ndi tsiku kufufuza m'malemba ngati zomwe akunenazo zilidi choncho, ndipo pa Machitidwe 17:11 akuyamikiridwa, sakudzudzulidwa ayi.

Tiyeni tiyese ndi vesi lotchuka lija, "musakhudze odzozedwa anga". Mwalimvapo kangati munthu akangofunsa za ndalama za mpingo? Tsegulani Salmo 105, muyambire pa vesi 8 mpaka 15. Mupeza kuti akukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pa nthawi yomwe anali anthu ochepa, alendo oyendayenda m'mayiko a eni, ndiye Mulungu ankachenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Palibe pomwe akuti mlaliki asamafunsidwe. Komanso musaiwale kuti pamwamba pa kachisi paja Satana naye anatchula vesi, la mu Salmo 91, pomuuza Yesu kuti adziponye pansi. Vesi linali lenileni, koma ntchito yomwe analipatsa ndi yomwe inali yabodza.

Chachiwiri, mufunseni funso, mwaulemu ndithu, kenako muone nkhope. Ine ndinayesapo kwa mlaliki wina, sindimutchula dzina, ndinangoti abusa vesi lija ine ndikuliona ngati likunena zina, tatiyeni tiwerengere limodzi. Bambo aja anatseka Baibulo langa ndi dzanja lawo, nkundiyang'ana m'maso nkuti mwana wanga uli ndi mzimu wa kuukira, ufunika mapemphero. Funso langalo mpaka lero silinayankhidwe. Mphunzitsi woona amatsegula Baibulo, ndipo akapanda kudziwa amanena kuti ndikafufuze kaye. Wonyenga amasandutsa funso lanu kukhala tchimo. Pa 3 Yohane 9-10 pali munthu wina dzina lake Diotrefe, wofuna kukhala wamkulu, amene ankachita kuthamangitsa anthu mu mpingo. Pomwe Petro, mtumwi wamkulu uja, Paulo anamudzudzula pamaso pa onse ku Antiokeya (Agalatiya 2:11-14) ndipo kumwamba sikunagwe.

Chachitatu, mverani zomwe amanena za Yesu. Nkhani imeneyi ndi yakalekale, 1 Yohane 4:2-3 akuti mzimu wosavomereza kuti Yesu Khristu anabwera m'thupi si wochokera kwa Mulungu, ndipo m'chaka cha 325 mabishopu anakumana ku Nicaea chifukwa Arius ankaphunzitsa kuti Mwana anachita kulengedwa. Masiku ano ambiri samukana Yesu poyera, amangomusuntha pang'onopang'ono nkukhalapo iwowo. Mapemphero anu sangafike pokhapokha atadutsira kwa "papa", chitetezo chanu chili mu sitika ya nkhope yawo, pomwe 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati ndi mmodzi basi. Tsiku lina mudzangowerenga, mu ulaliki umodzi mawu oti "ine" atuluka kangati, dzina la Yesu latuluka kangati.

Tsopano ndalama, apa ndiye pali nkhani. Tisanamizane, kupereka si kulakwa, ndipo wantchito ayenera malipiro ake, 1 Timoteo 5:18 akutero. Vuto ndi pomwe dalitso laikidwa mtengo. Envelopu yaikulu ya anthu ofuna ukwati, ina ya ofuna ntchito, botolo la mafuta ili ndi lamphamvu kuposa ilo, kuti muonane ndi munthu wa Mulungu pamaso ndi pamaso muyambe mwafesa mbewu, ndipo zikapanda kuchitika olakwa ndinu chifukwa chikhulupiriro chinachepa, ndiye mufesenso. Simoni wamatsenga wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro anamuuza kuti ndalama yake iwonongeke naye limodzi (Machitidwe 8:20). Elisa atachiritsa Namani anakana mphatso zonse, Gehazi mnyamata wake nkuthamangira m'mbuyo kukazitenga mwabodza, nkutengera khate lomwe. Akhristu oyambirira analinso ndi kabuku kotchedwa Didache komwe kanaika lamulo losavuta: mtumwi woyendayenda akhale tsiku limodzi kapena awiri, akafika atatu kapena akapempha ndalama, ameneyo ndi mneneri wonyenga. Lamulo limenelo litabwerera lero sindikudziwa kuti angatsale ndi angati. Inu funsani chabe kuti ndalama zimasungidwa ndi ndani, ndipo lipoti lake limawerengedwa liti.

Chachisanu, maulosi muziwalemba ndi deti lake. Anthufe timaiwala msanga, timakumbukira umodzi womwe unachitika nkuiwala makumi awiri omwe anagwa. Deuteronomo 18:22 sakuzungulira, zikapanda kuchitika si Yehova ananena. Hananiya analosera kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lithyoka, anthu anasangalala chifukwa ndi zomwe ankafuna kumva, koma iye anamwalira chaka chomwecho goli likadalipo (Yeremiya 28). Ku America, Harold Camping analengeza pa wailesi yake kuti tsiku la chiweruzo ndi 21 Meyi 2011, ena mpaka kusiya ntchito, tsikulo litadutsa anasunthira pa 21 Okutobala, pomwe Mateyu 24:36 akunena momveka kuti tsiku ndi ola palibe adziwa.

Koma chenjerani, ulosi ukachitika sindiye kuti basi mayeso wakhoza. Deuteronomo 13:1-3 akuti ngakhale chizindikiro chichitike, ngati munthuyo akukutengerani kwa milungu ina musamumvere. Pa Mateyu 7:22-23 anthu omwe Yesu akuwakana ndi omwe ankanenera, kutulutsa ziwanda ndi kuchita zamphamvu m'dzina lake. Munthu kukuuzani nambala ya foni yanu kapena dzina la agogo anu zisakuzunguzeni mutu.

Chachisanu ndi chimodzi, yang'anani omutsatira, makamaka omwe akhala naye zaka zingapo. Kodi akugwirizanabe ndi abale awo, kapena anauzidwa kuti ngakhale mayi awo ndi mfiti? Akuloledwa kupita kuchipatala, kapena anauzidwa kutaya mankhwala? Munthu akachoka mu mpingomo amamutsanzika bwino kapena amamutemberera pa maikolofoni? Zoopsa zazikulu zimayambira apa, pa kupatula anthu. Ku Jonestown m'dziko la Guyana, anthu oposa 900 otsatira Jim Jones anafa pa 18 Novembala 1978. Ku Kanungu, Uganda, anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi pa 17 Malichi 2000. Ku Shakahola, Kenya, kuyambira 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu omwe akuti anauzidwa kusala kudya mpaka imfa kuti akaonane ndi Yesu. Ambiri mwa anthu amenewa analowa akufuna Mulungu ndi mtima wonse.

Pomaliza, musasakanize wolakwitsa ndi wonyenga, kuopa mungamalize abusa onse. Apolo ankalalikira mwamphamvu koma ankangodziwa ubatizo wa Yohane, Priskila ndi Akula anamutengera pambali nkumufotokozera bwino, iye nkumva (Machitidwe 18:24-26). Kusiyana maganizo pa za nyimbo kapena kavalidwe sikupangitsanso munthu kukhala mmbulu. Ndiye mukaona chokayikitsa yambani mwakamba naye panokha, akakana tengani mmodzi kapena awiri okhwima m'chikhulupiriro, Baibulo lili lotsegula. Akapitiriza kuuma mutu ndi kuopseza, tulukani, ndipo matemberero ake asakusowetseni tulo. Ngati pali nkhanza, kugwiririra kapena ana akuvutitsidwa, imeneyo musaithere m'vestili, pitani nayo kupolisi tsiku lomwelo.